Mmene mphunzitsi wochokera kunja angayendere ndi kupezera anzake ku Thailand pa Loweruka ndi Lamulungu

Belu lomaliza la Lachisanu likalira, ana atabalalika ndipo aphunzitsi a komweko atakwera njinga zawo zamoto kupita kumakomo kwawo, mphunzitsi wochokera kunja amatsala ndi masiku awiri athunthu opanda womukonzera chochita. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu sukulu imamunyamula yokha munthu, chifukwa pamakhala kulonjera ana pachipata, kukweza mbendera 8 koloko, makalasi, chakudya chamasana ndi makope oti achongedwe. Loweruka ndi Lamulungu ndi pamene kutalika kwa kumudzi kumamveka m'thupi. Ine ndinaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ya sekondale ya boma m'dera la Nakhon Ratchasima, limene eni ake amangolitchula kuti Korat, kumpoto chakum'mawa kwa Thailand. Anzanga a ku Africa amene ndinawaona akusiya ntchito chaka chisanathe, ambiri mwa iwo kalasi ankaitha bwino lomwe, ndipo chimene chinawagonjetsa ndi masiku awiri amenewa. Ena ankadzitsekera m'chipinda ndi foni mpaka kudwala mtima chifukwa chopukwa kwawo, pamene ena ankathawira ku Bangkok sabata iliyonse mpaka malipiro onse kuthera m'mabasi ndi m'nyumba zogona alendo, osatsala ndi yotumiza kwa makolo.

Malangizo ali panowa aima pa mfundo imodzi, yakuti muyambe ndi tauni imene mukukhalamo ndi anthu amene mumagwira nawo ntchito, kenako maulendo akutali abwere pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri adzabwera kudzera mwa anthu omwewo.

Konzani kaye mapepala

Mphunzitsi wochokera kunja amagwira ntchito ndi viza ya mtundu wa Non-Immigrant B pamodzi ndi chilolezo chogwirira ntchito, ndipo sukulu ikamaliza kulongosola mapepala, a imigireshoni amamuwonjezera nthawi yokhala m'dzikolo molingana ndi kontrakiti yake. Chimene ambiri sauzidwa n'chakuti nthawi yowonjezerayo imafa tsiku lomwe mwatuluka m'dziko, ngakhale mutangowoloka mlatho wa pa mtsinje wa Mekong ku Nong Khai kukadya nkhomaliro ku Vientiane, likulu la dziko la Laos, n'kubwerako tsiku lomwelo. Chimene chimaiteteza ndi chilolezo chobwereranso, chimene pachikwangwani cha muofesi amachilemba kuti re-entry permit. Fomu yake ndi TM.8, mtengo wake ndi 1,000 baht (ndalama ya ku Thailand) pa ulendo umodzi kapena 3,800 baht pa maulendo angapo, ndipo mungachipeze ku ofesi ya imigireshoni ya m'dera lanu kapena pa mabwalo akuluakulu a ndege. Mnzanga wina anatsagana ndi gulu la anzake a ku Ulaya kupita ku Laos osadziwa zimenezi. Anzakewo mapasipoti awo anawalola kubwerera popanda viza, koma iye anatsakamira tsidya lina la mtsinje kwa masiku angapo akupemphanso viza yatsopano, ndipo sukulu inayambiranso mapepala ake onse. Kwa ife amene mapasipoti athu amafuna viza tisanalowe m'dzikolo, cholakwika chaching'ono chotere chimatha kuthetsa ntchito. Chotero mnzanu akati "tiyeni tikaone tsidya lija", musayendere pasipoti yake, fufuzani kaye zimene dziko limenelo limafuna kwa munthu wa pasipoti yanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Palinso lamulo lakuti pakatha masiku 90 aliwonse mukadziwitse a imigireshoni kumene mukukhala, pa fomu ya TM.47, ndipo mukachedwa chindapusa chake ndi 2,000 baht. Lembani tsikulo pa kalendala kuti lisakupezeni muli paulendo. Pasipoti yeniyeni muziyenda nayo mukamachoka m'tauni, chifukwa nyumba zogona alendo zimaifuna kuti zikulembetseni ku boma, komanso apolisi nthawi zina amaimitsa mabasi m'misewu yoyandikira malire. Jambulani tsamba la chithunzi, chidindo cha viza ndi chilolezo cha ntchito, n'kusunga zithunzizo m'foni ndi pa imelo. Pogula matikiti dziwaninso kuti a Thailand amawerenga zaka mwachibuda, powonjezera 543 pa chaka chathu, moti 2025 pa tikiti imatha kulembedwa kuti 2568.

Mwezi woyamba musapite kutali

Masabata anayi oyambirira muwapereke ku tauni yanu. Loweruka m'mawa pitani kumsika wapansi, mugule ndiwo kwa amayi omwewo sabata iliyonse, ndipo musankhe kanyumba kamodzi kodyera komwe muzibwererako mpaka mwini wake adziwe kuti tsabola mumamufuna wochepa. Mawu oti "mai phet" amatanthauza kuti chisawawe, ndipo ndi amene muyenera kuyamba kuwaloweza pamodzi ndi moni wa "sawatdee" ndi kuthokoza kwa "khop khun", kumapeto kwake mwamuna akuwonjezera "khrap" ndipo mkazi "kha". Anthu akamakufunsani kuti "pai nai", kutanthauza kuti mukupita kuti, kapena "kin khao rue yang", kutanthauza kuti kodi mwadya kale, sakufufuza za moyo wanu. Ndi malonje chabe, monga momwe ife timafunsira kuti mwaswera bwanji, ndipo yankho lalifupi ndi kumwetulira n'zokwanira.

Dera la kumpoto chakum'mawa limatchedwa Isan, ndipo Mmalawi sachedwa kuzolowera chakudya chake. Mpunga wawo womata, wotchedwa khao niao, umabwera m'kadengu kakang'ono kolukidwa ndi nsungwi, ndipo munthu amaubudula ndi dzanja, kuukunga m'chikhatho n'kusunsa m'ndiwo monga tichitira ndi mbamu ya nsima. Nsomba imene mudzaione yowotcha m'mphepete mwa msewu, yopakidwa mchere wambiri thupi lonse ndi yotsekedwa kukamwa ndi udzu wonunkhira wa mandimu, imatchedwa pla nin, ndipo ndi m'bale wake wa chambo. Inafika m'dzikolo m'chaka cha 1965, pamene Akihito, amene panthawiyo anali mwana wa mfumu ya Japan, anapatsa Mfumu Bhumibol nsomba 50 za mtunduwu kuti ziwetedwe. Kumsika wausiku mudzapezanso ziwala ndi nkhululu zokazinga. Tsiku limene ndinagula kapepala ka ziwala n'kumadya ndikuyenda, amayi ogulitsawo anaitana anzawo kuti adzaone mlendo wodziwa kuthothola miyendo ya chiwala, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kukhala munthu wongodutsa pamsikapo.

Madzulo dzuwa likapepa, anthu amasonkhana m'mapaki kuthamanga, kuvina kolimbitsa thupi ndi kusewera takraw, mpira waung'ono wolukidwa umene amaumenya ndi mapazi ndi mutu kudumphitsa ukonde. Mu mzinda wa Korat malo otchuka a zimenezi ndi paki ya Bung Ta Lua. Ikakwana 6 koloko madzulo nyimbo ya fuko imaimbidwa pa zokuzira mawu, ndipo aliyense amaima chilili mpaka ithe, choncho inunso imani. Ngati mumadziwa mpira wamiyendo, funsani mphunzitsi wa zamasewero kumene anthu amasewerera, chifukwa pabwalo la mpira chilankhulo sichivuta.

Zinthu ziwiri za m'foni zikonzedwe mwezi womwewu. Choyamba ndi LINE, chifukwa a Thailand ambiri sagwiritsa ntchito WhatsApp, ndipo maitanidwe onse a aphunzitsi amadutsa pa gulu la LINE la kusukulu. Chachiwiri ndi akaunti ya kubanki yolumikizidwa ku foni, popeza ngakhale wogulitsa nthochi amalandira ndalama pojambulitsa kachizindikiro ka PromptPay, njira yawo yolipirira pa foni.

Mukaitanidwa, pitani

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene ambiri timaphonya. A Thailand ali ndi khalidwe limene amalitcha kreng jai, lomwe ndi kuopa kumulemetsa mnzako kapena kumuika pamalo ovuta. Mphunzitsi mnzanu akakuitanani kukadya kunyumba kwake inu n'kukana, adzakuitananinso kamodzi, ndipo mukakananso adzaganiza kuti kukuitanani kumakusowetsani mtendere, choncho adzasiya chifukwa cha ulemu. Inu mudzaona ngati akukusalani, pamene iwo akuyesa kukupepuzani. N'chifukwa chake m'miyezi itatu yoyamba ndi bwino kuvomera pafupifupi kuitana kulikonse, ngakhale mutatopa, ngakhale mukudziwa kuti nkhani zambiri simukazimva.

Phunziraninso mmene anthu amaitanirana. Wamkulu kwa inu mumamutchula "phi" musanatchule dzina lake, wamng'ono ndi "nong", ndipo mphunzitsi ndi "khru". Adzakufunsani zaka zanu tsiku loyamba lomwe, n'cholinga choti adziwe ngati ndinu phi kapena nong. Mukapita kokadya pagulu, mbale zonse zimaikidwa pakati kuti aliyense azitapa pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri wamkulu paudindo ndiye amalipira. Musalimbane naye potulutsa chikwama, chifukwa mungamuchititse manyazi. Njira yobwezera ilipo ndipo ili ndi dzina lake, khong fak, kutanthauza kamphatso kochokera kuulendo. Nthawi iliyonse mukapita kwina, bwerani ndi kathumba ka zodyadya za kumeneko n'kukaika patebulo la m'chipinda cha aphunzitsi Lolemba m'mawa. Sizifuna ndalama zambiri. Mphesa za ku Pak Chong kapena timasamusa ta ku Saraburi n'zokwanira kusonyeza kuti munali nawo m'maganizo, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti kathumba kameneka kamatsegula zitseko zambiri.

Maliro musawaphonye, monga momwe simungawaphonyere kwathu. Bambo a mphunzitsi wina wa masamu atamwalira, tinanyamuka Loweruka madzulo pa galimoto ya bokosi kupita kumudzi kwawo, pakati pa minda ya mpunga ndi chinangwa. Anandiuziratu kuti ndivale zakuda, kapena zoyera ngati zakuda ndilibe. Tinavula nsapato pakhomo la chisakasa cha pakachisi, n'kukhala pansi mapazi atapindidwira kumbuyo, chifukwa kulozetsa mapazi kwa munthu kapena kwa fano la Buddha ndi mwano. Amonke anayi, omwe ndi ansembe achibuda, anakhala pansanja atabisa nkhope kuseri kwa zokupizira zawo, akuimba motsitsa kwa nthawi ndithu, ndipo atamaliza anthu anayamba kugawa msuzi wa mpunga wotentha m'timbale. Chipepeso chimaikidwa mu envulopu yolembedwa dzina lanu n'kuperekedwa kwa wachibale, osati kuwerengedwa poyera monga pa maliro athu. Tsiku lotentha mtembo aliyense amapatsidwa kaduwa kopangidwa ndi timapepala ta mtengo kuti akaike pansi pa bokosi. Ine monga Mkhristu sindinagwadire fano, ndinangokhala chete mwaulemu, ndipo palibe amene anandikakamiza. Mphunzitsi wa masamu uja analankhula nane mawu ochepa kwambiri usiku umenewo, koma chaka chonse chotsatira ndiye amene ankanditenga pa galimoto yake kupita kulikonse kumene banja lake likupita.

Pali miyambo ina yachisangalalo. Mnyamata akamalowa umonke kwa kanthawi, banja limakonza phwando lalikulu, anthu amavina mumsewu kuperekeza mnyamatayo kukachisi, ndipo usiku kumakhala nyimbo za mor lam zoimbidwa ndi chitoliro cha nsungwi chotchedwa khaen. Paukwati ndalama mumaika mu envulopu yomwe munalandiriramo khadi. Ku Isan kulinso mwambo womanga ulusi woyera pamkono pa mlendo kapena pa munthu amene akuyamba ulendo, pomufunira mafuno abwino. Ngati chikhulupiriro chanu sichikulolani kulandira ulusiwo, ganizirani yankho lanu nthawi isanakwane ndipo muuzeni mnzanu wapamtima mwakachetechete, kuti iye afotokozere akuluakulu m'malo moti mukane pamaso pa gulu. Musagwire munthu kumutu, ngakhale mwana, ndipo amayi asakhudze mmonke kapena kumupatsira chinthu m'manja.

Pamaphwando onsewa mowa umakhalapo, ndipo kachasu wawo amamutcha lao khao. Kumbukirani kuti m'tauni yaing'ono munthu wakuda amene amaphunzitsa pasukulu yaikulu amadziwika ndi aliyense, moti zimene mwachita Loweruka usiku makolo amakhala atazimva pofika Lolemba. Pa nkhani ya banja lachifumu khalani chete kotheratu, pakamwa ndi pa Facebook pomwe, chifukwa gawo 112 la malamulo a milandu limapereka chilango cha zaka 3 mpaka 15 kundende kwa wonyoza mfumu, ndipo mlendo salekereredwa. Fodya wamagetsi ndi woletsedwanso m'dzikolo ngakhale mudzaone anthu akusuta.

Kalendala ndi ndalama

Chaka cha sukulu chimayamba pakati pa Meyi, teremu yoyamba imatha chakumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo yachiwiri imayamba mu Novembala mpaka Malichi. Tchuthi cha boma chikagwera Loweruka kapena Lamulungu, nthawi zambiri amapereka Lolemba lotsatira m'malo mwake, ndipo apa ndi pamene mumapezera masiku atatu a ulendo wautali. Masiku ngati 28 Julayi, 13 ndi 23 Okutobala, 5 ndi 10 Disembala muwaike chizindikiro chaka chikamayamba. Komabe musagule tikiti musanafunse mkulu wa dipatimenti yanu, chifukwa masukulu amakonda kuika misasa ya Chingerezi, mipikisano ndi misonkhano ya makolo Loweruka, ndipo mphunzitsi wochokera kunja amauzidwa mochedwa.

Tsiku lolandira malipiro gawani ndalama musanagone: ya nyumba ndi magetsi, yotumiza kumudzi, yosungira tikiti ya ndege yobwerera, ndipo yotsalayo ndiye ya maulendo. Werengani kontrakiti mosamala, popeza masukulu ena salipira mwezi wa Epulo pamene ana ali patchuthi chachikulu, ndipo amene anadya zonse m'maulendo a Disembala amavutika kwambiri mwezi umenewo. Muyeso umene unandithandiza unali wa ulendo umodzi wokagona kwina pamwezi, ulendo umodzi wopita n'kubwerako tsiku lomwelo, ndipo masabata awiri otsalawo kukhala m'tauni. Ngati muli ndi anzanu okhulupirika a ku Africa, chipereganyu chimagwira ntchito kumeneko monga kwathu, ndipo chingakuthandizeni kusonkhanitsa ya tikiti.

Kopita, kuyambira pafupi

Kwa munthu wokhala ku Korat, ulendo woyamba ukhale wa ku Phimai, makilomita pafupifupi 60 kuchokera mumzinda, pa basi wamba. Kumeneko kuli kachisi wamiyala wa anthu a mtundu wa Khmer womangidwa m'zaka za m'ma 1000 ndi 1100, amene anali kumapeto kwa msewu wakale wochokera ku Angkor, likulu lawo lakale ku Cambodia, ndipo n'chifukwa chake khomo lake linayang'ana chakumwera kumene kuli Angkor, pamene akachisi ambiri a mtunduwu amayang'ana kum'mawa. Fikani m'mawa miyala isanatenthe, kenako mukapumule pansi pa mtengo waukulu wa Sai Ngam, wa mtundu wa kachere, umene mizu yake yolendewera yasanduka ngati nkhalango. Mu Novembala ku Phimai kumachitika mpikisano wa mabwato ataliatali pamtsinje, ndipo ndi nthawi yabwino yopita ndi aphunzitsi anzanu. Mudzi wa Dan Kwian, wa oumba mbiya, uli pafupi kwambiri ndi mzinda, ndipo ku Pak Thong Chai ndi kumene amaluka nsalu za silika zimene mungagulire amayi anu.

Ulendo wokagona usiku umodzi umene ndimaulimbikitsa kwambiri ndi wa ku nkhalango ya Khao Yai, imene inakhazikitsidwa mu 1962 monga paki yoyamba yotetezedwa m'dzikolo. Mumatsikira ku Pak Chong, kenako n'kukwera songthaew, galimoto ya bokosi yokhala ndi mabenchi awiri kumbuyo, mpaka pachipata. M'kati mwa paki mulibe mabasi ndipo mitunda yake ndi yaitali, choncho ndi bwino kupita ndi mnzanu wa galimoto kapena kulipira owonetsa malo. Muli njovu, anyani oimba m'mitengo m'mamawa, mbalame zazikulu za milomo ngati nyanga, ndi mathithi a Haew Suwat ndi Haew Narok. M'nyengo yamvula valani masokosi ataliatali chifukwa cha misundu, ndipo mu Disembala ndi Januwale tengani juzi, popeza usiku kumazizira ngati ku Dedza. Pachipata mudzaona mitengo iwiri, mlendo 400 baht ndipo nzika 40 baht. Onetsani chilolezo chanu cha ntchito mwaulemu, chifukwa malo ena amachiganizira, koma akakana lipirani osakangana. Kukweza mawu pagulu kumamuchotsera munthu ulemu ku Thailand ndipo sikusintha mtengo.

Chakum'mawa, m'dera la Buriram, kuli kachisi wa Phanom Rung, womangidwa pamwamba pa phiri lomwe kale linkaphulika moto, ndipo kanayi pachaka dzuwa limawala kudutsa m'makomo ake onse 15 nthawi imodzi. Chakumwera chakumadzulo, panjira ya sitima yopita ku Bangkok, kuli Ayutthaya, likulu lakale limene asilikali a ku Burma analiwononga mu 1767, ndipo mabwinja ake mungawazungulire pa njinga yakapalasa yobwereka.

Bangkok ili pa makilomita pafupifupi 260 kuchokera ku Korat, maola anayi kapena kuchepera pa basi yodutsa msewu wa Mittraphap, ndipo mabasi a ku Isan amafikira pa depoti ya Mo Chit. Sitima zapamtunda za maulendo ataliatali kuyambira mu 2023 zimanyamukira pa siteshoni ya Krung Thep Aphiwat, osati Hua Lamphong monga mabuku akale amanenera. M'mabasi ausiku mumazizira kwambiri chifukwa cha makina oziziritsa, choncho chitenje kapena juzi zisatsale. Ulendo wa ku Chiang Mai, mzinda wa kumpoto kwa dzikolo, umene pa sitima yogonamo umatenga maola oposa 12 kuchokera ku Bangkok, ndi wa tchuthi cha Okutobala osati wa masiku awiri, ndipo kuyambira Febuluwale mpaka Epulo mupewe kumpotoko chifukwa utsi wa kutentha minda umadzaza mpweya. Chimodzimodzinso zilumba za kunyanja, zisungireni tchuthi chachitali.

Zikondwerero za ku Isan n'zoyenera kuzikonzekera. Mu Meyi ku Yasothon amaphulitsa mizinga yopanga okha popempha mvula, mu Julayi ku Ubon Ratchathani amayendetsa mumsewu ziboliboli zikuluzikulu za phula poyamba nyengo ya amonke yokhala m'kachisi miyezi itatu, ndipo mu Novembala ku Surin kumakhala chionetsero cha njovu. Malo ogona amadzaziratu, koma mukafunsa m'chipinda cha aphunzitsi kawirikawiri pamapezeka wina amene kwawo ndi komweko.

Njinga yamoto

Chimene chimapha ndi kuvulaza alendo ambiri ku Thailand ndi msewu, makamaka njinga zamoto. Amayendetsa kumanzere monga kwathu, ndipo zimenezi zimamunamiza munthu kuti wazolowera msanga. Ngati simunayendetsepo njinga yamoto, musaphunzirire pa ulendo. Pezani laisensi ya njinga yamoto ku ofesi ya zamtengatenga ya m'dera lanu, chifukwa inshuwalansi imatha kukana kulipira wovulala amene analibe laisensi, ndipo helemeti muzivala ngakhale mukungopita kogula madzi. Obwereketsa njinga ena amafuna kusunga pasipoti yanu ngati chikole. Musalole, perekani ndalama ya chikole ndi fotokope, ndipo jambulani njingayo mbali zonse musanachoke nayo. Akabaza a kumeneko amavala zibekete zokhala ndi nambala, ndipo m'mizinda muli Grab ndi Bolt, njira zoitanira galimoto kapena njinga pa foni. Pa chikondwerero cha Songkran, kuyambira 13 mpaka 15 Epulo, pamene anthu amathirana madzi m'misewu, ndiponso pa Chaka Chatsopano, ngozi zimachuluka moti boma limawerenga omwalira tsiku ndi tsiku, choncho masiku amenewo sangalalani m'tauni yanu momwemo. Sungani m'foni nambala izi: 1669 ya ambulansi, 191 ya apolisi, ndi 1155 ya apolisi othandiza alendo, amene amalankhula Chingerezi.

Abale a ku Africa, tchalitchi ndi nkhani ya khungu

Ngakhale mutagwirizana chotani ndi aphunzitsi a komweko, pamafika tsiku limene mumafuna kuseka ndi munthu amene simukufunika kumufotokozera chilichonse. M'masukulu a ku Thailand muli aphunzitsi a ku Zimbabwe, Kenya, Cameroon, Ghana, South Africa ndi ambiri a ku Philippines, ndipo malo osavuta kuwapezera ndi kutchalitchi. Akatolika ku Bangkok amapeza Misa ya Chingerezi pa tchalitchi cha Holy Redeemer, a Anglican ali ndi Christ Church pa msewu wa Convent, ndipo a Seventh-day Adventist ali ndi yunivesite ku Muak Lek, pakati pa Korat ndi Bangkok, komwe kumaphunzira achinyamata a m'mayiko ambiri. Wa CCAP adzamva kukhala kwawo mu mpingo wa Church of Christ in Thailand, umene mizu yake ndi ya amishoni a Presbyterian. Asilamu adzapeza mizikiti m'mizinda ikuluikulu, ndipo ku Bangkok, m'dera la Nana pa Sukhumvit Soi 3, kuli malo odyera a chakudya cha halal ndi cha ku Ethiopia.

Njira yotsika mtengo yosungira ubale umenewu ndi kuphikirana mosinthana, mwezi uno kwa uyu, mwezi wamawa kwa uje. Ufa wa chimanga wachikasu umapezeka m'masitolo akuluakulu, ndipo ngakhale sufanana ndi ufa woyera, nsima yake imadyeka bwino ndi pla nin ndi nkhwani, umene misika ya ku Isan imagulitsanso. Chenjerani ndi gulu limene likakumana limangonyoza eni dziko kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa mumabwerako mtima utalemera kuposa mmene munapitira. Chenjeraninso ndi munthu amene mwangokumana naye n'kukupemphani kuti mumusungire katundu, mumulandirire phukusi kapena agwiritse ntchito akaunti yanu ya kubanki. Milandu ya mankhwala osokoneza bongo ili ndi zilango zoopsa m'dzikolo, ndipo chibale cha khungu si chifukwa chokwanira choikira dzina lanu pa chinthu chimene simunachione.

Nkhani ya khungu sindingaibise. M'midzi anthu adzakuyang'anitsitsani, ana adzafuna kukhudza tsitsi lanu, ena adzapempha kujambulitsa nanu, ndipo nthawi zina apolisi adzakufunsani pasipoti n'kusiya mzungu amene mwakhala naye pampando umodzi. Zambiri mwa izi ndi chidwi cha anthu amene sanaonepo munthu wa ku Africa pafupi, koma zina ndi tsankho lenileni ndipo zimapweteka. Chimene chinandithandiza ndi kutchula msanga mawu akuti "pen khru", kutanthauza kuti ndine mphunzitsi, pamodzi ndi dzina la sukulu, chifukwa mphunzitsi amalemekezedwa kwambiri m'dzikolo, mpaka kukhala ndi mwambo wa Wai Khru mu Juni pamene ana amagwada kupereka maluwa kwa aphunzitsi awo. Zikakupwetekani musazisunge nokha, muuzeni mnzanu amene angamvetse.

Lamulungu madzulo

Konzani ulendo uliwonse moti mukhale mutafika kunyumba dzuwa la Lamulungu lisanalowe. Mabasi obwerera ku Isan amadzaza madzulo a tsikuli, makamaka pakakhala tchuthi cha masiku atatu, choncho tikiti yobwerera muigule pomwe mwangotsika. Lolemba mungakhale ndi udindo woima pachipata 7 koloko m'mawa, mutavala malaya achikasu monga masukulu ambiri amafunira pa tsikuli, ndipo mphunzitsi amene amafika akuodzera kapena kujomba Lolemba lotsatana ndi ulendo amakumbukiridwa nthawi yokambirana kontrakiti yatsopano. Thailand ili patsogolo pa Malawi ndi maola asanu, moti 7 koloko madzulo ku Korat imakhala 2 koloko masana ku Lilongwe, anthu atabwerako kutchalitchi ndi kudya nkhomaliro. Gwirizanani ndi abale kuti imeneyi ndiyo nthawi yoimbirana sabata iliyonse, muwatumiziretu ya bandulo Loweruka kuti foni isadukire panjira, ndipo mukamaliza kulankhula sitani malaya a mawa n'kuika kathumba ka khong fak pafupi ndi chikwama cha kusukulu kuti musakaiwale.